PA BENCHI: Chimbale cha ukwati chija chisanafe

Anzanga a pamsika, kodi chimbale cha ukwati wanu chija munachionera liti komaliza? Ndikunena cha DVD chija wojambula anakubweretserani patatha miyezi iwiri mukumulondalonda, cha m'kabokosi kokhala ndi chithunzi chanu pamwamba, bambo ali mu suti yobwereka, mayi ali mu velo. Ambiri muyankha kuti chilipo, chili bwinobwino m'sutikesi pansi pa zitenje. Chabwino. Nanga makina oonerapo chimbalecho alipo? Akugwira ntchito?

Apa ndiye pamene anthu amayamba kukanda m'mutu.

Sabata ino ndati tikambirane za kanema amene anatsekeredwa m'zimbale, ndi momwe tingamutulutsire kuti alowe mu foni ndi pa intaneti osaonongeka. Nkhaniyi si ya anyamata a makompyuta okha ayi. Alipo mayi amene mwana wawo ali ku Joni, sanabwere kumaliro a bambo ake chifukwa cha mapepala, ndipo mpaka lero akupempha kuti aoneko momwe mwambo unayendera. Ilipo kwaya imene inasonkherana chaka chathunthu kuti ikajambulitse nyimbo kunyanja, lero zonse zili pa chimbale chimodzi chimene akusunga atcheya. Alipo ophika makeke, osoka madiresi a akwati ndi okongoletsa maholo amene ntchito yawo yapamwamba ili mu DVD, pamene kasitomala wa lero amafuna aone kaye pa WhatsApp asanatulutse dipoziti.

DVD si chinthu chakale kwenikweni. Inayamba kugulitsidwa ku Japan mu Novembala 1996, ku America mu 1997, ndipo kwathu kuno inafika mochedwerapo n'kuthamangitsa matepi a VHS ndi ma VCD aja m'mavidiyo sho. Koma nayo yathamangitsidwa. Malaputopu ambiri a masiku ano alibe n'komwe polowetsa chimbale. Kampani ya Netflix, imene inayamba bizinesi yake potumizira anthu ma DVD pa positi, inasiya zimenezo mu Seputembala 2023. Eni ake anatsika kale minibasi imeneyi, ife tidakali phee pampando wakumbuyo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zimbale zilipo mitundu iwiri. Cha filimu chochokera kufakitale amachita kudinda, ndipo chimapirira. Cha ukwati wanu sanadinde, anachita kubena pa kompyuta pa chimbale chopanda kanthu cha DVD-R kapena DVD+R. Tachitembenuzani muone kunsi kwake, mupeza mtundu wa pepo. Umenewo ndi utoto wopyapyala umene kuwala kwa makina kunawotchapo timadontho, ndipo timadontho timeneto ndiye ukwati wanu wonse: malumbiro, keke, perekaniperekani, azakhali akuthyola dansi. Utotowu umadana ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Tsono taganizani sutikesi ili m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, kenaka dzinja libwere ndi chinyezi chake, chaka ndi chaka. Chimbale sichibuula chikamadwala. Tsiku lina mungoona kanema akuimaima, nkhope zikuphwanyika timabokosi, basi kwatha. Ndipo ngati wojambula anagula zimbale zotchipa zija zopanda ndi dzina lomwe, musayembekeze kuti chidikira adzukulu.

Musanathamangire kwa obena, yambani mwafufuza wojambula uja ngati akadalipo. Ojambula ambiri, makamaka a zaka zaposachedwapa, ankajambula ndi makamera abwino kuposa DVD, n'kuchepetsa kanemayo kuti akwane pa chimbale. Ngati anasunga mafayilo oyambirira, amenewo ndiye nyama, DVD ndi msuzi chabe. Ambiri anafufuta kalekale kuti apeze malo a ukwati wotsatira, koma safunsa anadya phula.

Akanena kuti palibe, tigwire chimbale chomwecho. Pafunika kompyuta yokhala ndi polowetsa chimbale, kapena kamakina kapadera kolumikiza ndi chingwe cha USB. Mukachitsekula pa kompyuta simupeza fayilo imodzi yolembedwa kuti ukwati ayi. Mupeza foda yotchedwa VIDEO_TS, ndipo m'kati mwake muli mafayilo a mitundu itatu. A VOB ndiwo ali ndi zithunzi ndi mawu, ndipo amakhala oduladula, fayilo iliyonse yosapitirira 1 GB. A IFO ndi timafayilo ting'onoting'ono touza makina kuti chidutswa ichi chikatha pabwere chiti. A BUP ndi makope a IFO osungira tsiku la tsoka. Chimbale wamba chimanyamula 4.7 GB, cha magawo awiri 8.5 GB.

Ntchito yoyamba ndi kukopera foda yonse ya VIDEO_TS momwe iliri, osachotsapo kanthu, osasinthapo kanthu. Imeneyi ndi mbewu, ndipo mbewu sitikazinga. Zonse zimene tichite kutsogoloku zizichokera pamenepa, koma fodayo izitsala momwemo.

Pano ndichenjeze za kachinyengo kamodzi kamene ndakaona kangapo m'tizipinda ta obena. Mnyamata atenga fayilo ya VOB, afufuta zilembo zitatu zakumapetozo, alembapo MP4, akupatsani, ndalama m'thumba. Amayi ogulitsa nsomba, tandiuzani, mukalemba kuti chambo pa dengu la usipa, usipawo usanduka chambo? Kanema wa pa DVD anapanikizidwa m'njira yakale yotchedwa MPEG-2. Mafoni ndi intaneti zimamvana bwino ndi njira ya H.264, imene inakhazikitsidwa mu 2003, itaikidwa m'fayilo ya MP4. Kuti kanema achoke uku afike uko, kompyuta iyenera kuwerenga chithunzi chilichonse n'kuchilembanso mwatsopano, ndipo zimenezi zimadya nthawi. Akakuuzani kuti zatheka inu musanakhale n'komwe pansi, dziwani kuti mwagula usipa.

Pulogalamu imene ine ndimaikhulupirira pa ntchito imeneyi ndi HandBrake. Inayamba mu 2003, imagwira pa Windows, pa Mac ndi pa Linux, ndipo ndi yaulere. Ndabwereza, yaulere. Mnyamata mumulipire nthawi yake, luso lake ndi magetsi ake, koma akati muonjezere ya pulogalamu, museke. Mukailozera ku foda ija, iyo imawerenga timafayilo ta IFO, n'kulumikiza yokha zidutswa zonse za VOB mwa ndondomeko yake. Imakuonetsani zigawo zimene zili pa chimbalecho ndi kutalika kwake, inu n'kusankha chachitalicho, chifukwa tatifupi tija nthawi zambiri timakhala tamaluwa ndi mayina ta koyambirira.

Tsopano pa kukula kwa chithunzi, pamene anthu ambiri amaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Kanema wa DVD wa kuno kwathu, monganso wa ku South Africa ndi ku Britain, ndi wa mtundu wa PAL: timadontho 720 chopingasa, 576 chotsika, zithunzi 25 pa sekondi. Wa ku America ndi 720 ndi 480, zithunzi pafupifupi 30. Mu HandBrake mumasankha muyeso wofanana ndi chimbale chanu, wathu kuno ndi wolembedwa 576p25. Ndiye pali anyamata ochangamuka amene amati, "Madala, muonjezereko pang'ono ndikupangireni ya HD." Tiyeni tiwerengetse ngati anthu a pamsika. 720 kuchulukitsa ndi 576 ikutipatsa 414,720. HD yeniyeni ndi 1920 ndi 1080, kutanthauza 2,073,600. Kasanu ndendende! Nanga timadontho tinayi pa tisanu tilitonse tichokera kuti, poti kamera inatisiya kuholo? Kumeneko n'kuthira madzi mu thobwa. Chigubu chadzaza, koma chimera n'chomwechija. Fayilo yatupa, ndipo imene ilire ndi bandulo yanu.

Ndikudziwa kuti wina anena za mapulogalamu a AI okonza zithunzi. Alipodi, ndipo nthawi zina amatulutsa zosiririka. Koma amachita kulota zimene kamera sinaone. Pa maluwa ndi makatani palibe mlandu. Pa nkhope ya malemu agogo anu, ine ndikukana. Mudzalandira nkhalamba yosalala bwino, ya mano oyera, imene pamudzi panu sinakhalepo.

Chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza ndi nkhani ya mizere. Ma TV akale a chimsana aja ankaonetsa chithunzi m'magawo awiri: mzere woyamba, wachitatu, wachisanu mpaka pansi, kenaka wachiwiri, wachinayi, wachisanu ndi chimodzi, mofulumira moti diso silinkazindikira. Makamera ambiri a nthawi imeneyo ankajambulanso choncho. Koma foni imaonetsa mizere yonse nthawi imodzi, ndiye munthu akagwedeza mkono povina, m'mphepete mwa mkonowo mumatuluka mano ngati a chipeso. Mankhwala ake ali pa tsamba la Filters, pa mawu oti Deinterlace. Kawirikawiri amakhala otsekula kale, komabe onetsetsani. Ndipo poyesa ntchito musanalipire, musalole kuti akuonetseni pamene abusa aima chilili akulalikira. Nenani kuti tapititsa pa perekaniperekani. Pamene pali gule ndi pamene chipeso chimaonekera.

Muonenso maonekedwe a anthu. Kanema wambiri wakale ndi wa 4:3, wotsala pang'ono kufanana mbali zonse. Ena amamukoka kuti adzaze sikirini yotambalala ya 16:9, mapeto ake mkwatibwi amene anali wowonda bwino akuoneka ngati wameza mtondo, keke yozungulira yasanduka dzira. Bola mizere yakuda m'mbali kusiyana ndi kunenepetsa anthu popanda chilolezo chawo.

Palinso kanambala kotchedwa RF. Kakachepa, chithunzi chimakongola koma fayilo imakula. Kakakwera, fayilo imachepa ndipo nkhope zimayamba kusungunuka. Pa kanema wa DVD, pakati pa 18 ndi 22 ndi pabwino. Chongani ndi kabokosi kolembedwa Web Optimized kuti kanema aziyamba kuoneka asanatsike yense.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri ndi iyi: kupanikiza kanema kuli ngati kukonola chimanga. Ulendo uliwonse pamachoka gaga, ndipo gaga akachoka sabwereranso. Wojambula anakonola kale poika pa DVD. HandBrake ikonolanso. Mukatenga chotulukacho n'kuchidula mu foni, chakonoledwa kachitatu. WhatsApp nayo ikonola, mlamu wanu atsitsa n'kukaika pa Facebook, yakonolanso. Pofika kwa mwana ali ku Johannesburg uja, nkhope ya bambo ake m'bokosi ndi chimtambo chabe. N'chifukwa chake ndinati sungani mbewu. Mukafuna chidutswa china chaka chamawa, bwererani ku VIDEO_TS, osati ku kanema amene wazungulira m'mafoni a mudzi wonse.

Tifike pa kudula, pamene ine ndimakangana ndi anthu kwambiri. Abale anga, ukwati wa maola anayi palibe amene adzauonere pa foni. Ngakhale inu eni ake simunaumalizepo. Ojambula athu ankakhulupirira kuti kasitomala walipira tsiku lonse, ndiye aone tsiku lonse: galimoto zikutuluka pageti imodziimodzi, mkulu wa mwambo akuitana a kuchimuna kachisanu, kamera yaiwalidwa ikuyang'ana denga. Ndipo bandulo salipira wotumiza yekha, wolandiranso amalipira. Pa muyeso wabwino, ola limodzi limadya pafupifupi 700 MB. Mphindi zisanu sizifika ndi 60 MB yomwe. Kutumizira gulu la banja la anthu makumi atatu ukwati wonse wosadula, kumeneko n'kukhometsa abale msonkho.

Ndiye khalani pansi ndi pepala, onerani pa VLC, imene nayonso ndi yaulere ndipo imatsekula foda ya DVD bwinobwino, muzilemba kuti malumbiro ayamba mphindi yakuti, atha mphindi yakuti. HandBrake yomweyo imalola kuti muiuze poyambira ndi pothera, ndiye kudula ndi kusintha zimachitika ulendo umodzi, kukonola kamodzi. Ngati fayilo ya MP4 mwaipanga kale, pulogalamu ya LosslessCut imadula popanda kupanikizanso, ngati sizasi pa nsalu. Kulumikiza zidutswa zingapo, kulembapo mayina ndi kukweza mawu, Shotcut pa kompyuta kapena CapCut pa foni zimatha, koma dziwani kuti zimenezi zimakonolanso, choncho chitani zonse kamodzi n'kutulutsa kamodzi.

Kwa inu amalonda amene mukufuna kanema wotsatsira, mphindi imodzi yakwana, mwinanso yachuluka. Keke ioneke pa sekondi yoyamba, osati titamva kaye mbiri ya momwe munayambira bizinesi. Dzina ndi pomwe mumapezeka zilembedwe pa chithunzi pomwepo, chifukwa munthu ali m'minibasi satsekula mawu. Ndipo mukafuna kanema woimirira wodzaza foni, dziwani kuti mukudula mbali zonse ziwiri za chithunzi chimene n'chaching'ono kale. Onetsetsani kuti chodulidwacho si mkwati.

Potumiza pa WhatsApp, musatumize ngati kanema wamba, chifukwa pamenepo ndi pamene imakonola. Tumizani ngati Document. Kuyambira 2022 njira imeneyi imanyamula fayilo mpaka 2 GB, ndipo imafika momwe yachokera. Pa YouTube, kanema wopitirira mphindi 15 salowa mpaka mutatsimikizira akaunti yanu ndi nambala ya foni. Pomweponso pali posankha Unlisted, kuti aone okhawo amene mwawatumizira linki.

Zimenezi zandikumbutsa nkhani ya ulemu, imene makina sadziwa. Amene analira pamaliro aja, kudzigwetsa pansi chitenje chili uko, sanalire kuti dziko lonse liwaone. Malangizo a ku chinkhoswe ndi a kumaphwando a amayi okhaokha si a pa Facebook. DVD inali ndi ubwino umodzi, inkakhala m'nyumba, ndipo woonera ankayamba waodira. Intaneti ilibe chitseko. Funsani eni nkhope musanaike, makamaka ngati mukufuna kutsatsira malonda ukwati wa kasitomala. Komanso kumbukirani kuti pamene mnyamata wobena wakukonzerani kanema, kope latsala mu kompyuta yake, momwe mumadutsa mafulashi a tauni yonse. Muuzeni afufute inu mukuona, ndi mu Recycle Bin momwe.

Pali vuto linanso la nyimbo. Ojambula ankakonda kuphimba phokoso la jenereta ndi nyimbo za oimba otchuka. Pabalaza panu zinalibe kanthu. Koma YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID, amene anayamba mu 2007, omvetsera kanema aliyense wolowa. Akazindikira nyimbo ya mwini, kanema akhoza kutsekedwa, kapena ndalama za otsatsa malonda n'kumapita kwa mwini nyimboyo. Facebook nayo imatha kuzimitsa mawu. Mukamadula, chigawo chokhala ndi nyimbo ya eni chisiyeni kapena chotsani mawuwo. A kwaya amene nyimbo ndi zanuzanu, mulibe nkhawa imeneyi.

Wina afunsa kuti nanga mafilimu ogula aja? Zimbale zambiri za kufakitale zili ndi loko wotchedwa CSS, ndiponso zinagawidwa m'zigawo za dziko: Malawi ali m'chigawo 5, South Africa m'chigawo 2, n'chifukwa chake chimbale chobwera ndi a ku Joni nthawi zina chinkakana pa makina ena. Za ukwati ndi za kwaya zilibe maloko amenewa. Za momwe amathyolera loko musandifunse, pa benchi pano sitiphunzitsa. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992. Munthu ngati Shemu Joyah, amene anatulutsa The Last Fishing Boat mu 2012, anathira ndalama ndi thukuta mu filimu monga inu mumathira mu belo la kaunjika. Wina atatsekula belo lanu usiku n'kumagawira anthu zovala kuti atchuke, mungamutche dzina lanji?

Za kosungira. Fulashi yotchipa modabwitsa, yolembedwa kukula kodabwitsa, ikayikireni; zilipo zabodza zimene zimaonetsa ngati zalandira zonse, tsiku lotsekula mupeza mafayilo ndi makoko. Mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mwa FAT32, imene imakana fayilo imodzi yopitirira 4 GB ngakhale malo alipo. Ikakana musati yafa. Mbewu ija ikhale malo awiri osiyana, kwina kunyumba, kwina kwa m'bale kapena pa Google Drive, pamene amapereka 15 GB yaulere. Chimbale chenichenicho musataye, chibwerere m'kabokosi kake, pamthunzi, choimirira.

Nanga ngati chayamba kale kujama? Chipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo lapakati kupita kumphepete, osati mozungulira, chifukwa mkwasa wotsata mzere wa kanema ndi umene umapha. Chikakana pa makina awa, yesani ena, pakuti makina amasiyana maso. Zopaka mankhwala otsukira mano ndi mafuta odzola zija, ine pa chimbale chimene chilipo chimodzi chokha sindingayerekeze. Chikalola kuwerengeka ngakhale kamodzi, koperani tsiku lomwelo, musati mawa.

Ndipo muli ena amene muli ndi tizimbale tating'ono ta masentimita 8 tija tinkalowa mu kamera momwemo. Timeneti tikapanda kutsekedwa ndi kamera imene inajambula, pa mawu oti Finalize, kompyuta imationa ngati topanda kanthu pamene kanema ali momwemo. Funani kamera ya mtundu womwewo kwa okonza mawailesi ndi ma TV, mwina ilipo m'katoni ya zakufa. Koma kompyuta ikakufunsani ngati mukufuna Format, gwirani dzanja la mnyamatayo asanadine, mutulutse kachimbale kanu.